Nalimata ndi Pulogalamu Yonenepa ya Ng'ona

Kalekale, ana inu, ndi inunso akuluakulu mukunamizira kusamvetsera, nyama za ku dambo la Chimbalanga zinali ndi makompyuta a patebulo. Musaseke. Kompyuta payokha ndi bokosi chabe. Imafuna pulogalamu yaikulu, ija imaidzutsa n'kuuza mapulogalamu ena onse pokhala. Mapulogalamu aakulu otere analipo atatu.

Ya Nkhanga inali yokongola, mawangamawanga, koma inkayenda pa makina osemedwa ndi Nkhanga yekha, ndiye amphawi ankangoimezera malovu. Ya Achiswe ankaitcha Chulu. Aliyense ankabwera ndi kadothi kake, uyu kumata apa, uyo kukonza apo, ndipo wofuna ankasuzumira m'kati mwaufulu. Kunyansa inkanyansa, galasi lakuda bii, koma ukaipa dziwa nyimbo: inkathamanga ngakhale pa kompyuta yokalamba. Yachitatu inali ya Ng'ona, dzina lake Chibwano. Imeneyi inali yomata ponseponse, ndipo wosuzumira m'kati ankadyedwa.

Chaka chilichonse Ng'ona ankatulutsa Chibwano chatsopano, chonenepa kuposa chakale. Ankayenda khomo ndi khomo kukachiika, ufune usafune, ndipo malipiro ake anali dzira kapena mwana pa nyumba iliyonse. Wopezeka ndi Chulu ankalowa m'mimba mwa Ng'ona ndi banja lake lomwe.

Tsono panali Nalimata, mayi wamasiye. Anali ataikira mazira awiri okha, monga uchitira mtundu wake. Loyamba Ng'ona anali atalimeza kale, kwiti, tsiku lomwe anabwera kudzakonza zolakwika za Chibwano chake chomwe. Taonani nkhanza: wolakwitsa ndi iye, wolipira ndi mwana wa mnzake. Linatsala limodzi, ndipo mphekesera zinamveka kuti Chibwano china chapsa.

Koma woyenda kudenga amaona zambiri. Nalimata anali atalowapo m'nyumba ya Ng'ona posaka udzudzu, ndipo anaona zinthu ziwiri. Choyamba, kompyuta ya bwanayo inali nkhalamba, ndipo inkayendabe ndi Chibwano choyambirira, chija chowonda. Zonenepazo ankangopatsa anzake. Chachiwiri, chipata cha mpanda wake wachitsulo chinkatsegulidwa ndi kompyuta yomweyo, ndipo dziwe linali kunja kwa mpandawo.

Tsiku loonetsa Chibwano chatsopano linafika m'mwezi wotentha, dzuwa likuswa mtengo. Nyama zinaunjikana kunja kwa mpanda, aliyense atafungatira mwana wake. Ng'ona anali m'kati. Anayankhula nthawi yaitali, kutama pulogalamu yake, kunyoza Chulu kuti ndi matope a anthu osowa chochita, ndipo anamaliza n'kunena kuti mawa ayamba kuyendera makomo.

Nalimata anakwera pamwamba pa mpanda.

"Bwana Ng'ona, zikomo kwambiri potikumbukira," iye anatero. "Koma kwathu kuno, wobwera ndi chipanda cha mowa amayamba wamwa yekha, kuchotsa ufiti. Kodi inuyo mwalawa?"

"Iwe kanthu kosakwana n'kutafuna komwe, ukunditcha mfiti?"

"Ndine yani ine, bwana? Ndikungoti tikuoneni mukukondwa nacho pa kompyuta yanu, ife tidzapereke mazira ndi mtima woyera."

Nyama zinayamba kung'ung'udza kuti mwambo ndi mwambo. Nkhanga, yemwe sankamukonda Ng'ona, anaseka n'kufunsa ngati wophika akuopa mphika wake. Ng'ona anaona kuti akakana, mawa aliyense athawa ndi mwana wake kuthengo. Anakokera tebulo pakhonde, nadina batani loika Chibwano chatsopano pa kompyuta yake.

Chipata chinati khwatha, kudzitseka. Pagalasi panatuluka mawu akuti: Dikirani, musazimitse. Pansi pake kagudumu kanayamba kuzungulira. Zunguli, zunguli, zunguli.

Anadikira. Kompyuta yokalamba ija inayamba kulira fwii, kulephera kusenza katundu wonenepa. Dzuwa linakwera. Zunguli, zunguli. Khungu la Ng'ona linayamba kuuma, ndipo dziwe ankaliona apo pomwepo, madzi ali nyezinyezi. Anamenya mpanda ndi mchira, koma mpandawo anaulimbitsa yekha poopa akuba nzeru. Anazula nthambo ya magetsi n'kuibwezeranso. Galasi linayaka, n'kuyambiranso pachiyambi: Dikirani, musazimitse.

Lilime litauma, anaitana mkulu wa Achiswe kuti amukonzere.

"Tikonza bwanji chinthu chomwe sitikuona m'kati mwake?" anayankha Chiswe. "Munamata nokha, bwana. Chomwe tingathe n'kufufuta zonse, tiikemo Chulu. Chipata chitseguka madzi a m'kapu asanazizire."

Nalimata anaona ngozi. Ng'ona akavomera, atuluka wamoyo, ndipo dzira lake lija lidzakhala loyamba kumezedwa. Zala zake zinamatirira pa chitsulo chotentha.

Ng'ona anayang'ana khamu lija. Anawerenga ndi maso tiana tonenepa tomwe sakanadzatidyanso nyama zikanaona Chulu chikuthamanga pa tebulo lake.

"Chotsani matope anuwo," anatero ndi mawu osasa. "Yatsala pang'ono kumaliza."

Sinamalize. Tsiku linapita, lina linabwera. Zunguli, zunguli. Ng'ona anagona pakhonde kukamwa kuli yasa, maso pagalasi, mpaka maso omwewo anauma. Miimba, yomwe chipata sichiivuta, inatera m'kati n'kugwira ntchito yake.

Nyama zinavina. Nalimata sanavine. Anatsikira m'mpandamo, nayenda pakati pa zikamba za mazira zomwe zinakhuthuka m'mimba mwa Ng'ona, kufunafuna cha mwana wake. Zinali zambiri, zonse zoyera mofanana, ndipo sanachizindikire. Analira, n'kubwerera kwawo.

Atafika anamva tswa kuseri kwa kompyuta yake, pofunda paja anabisa dzira. Kamutu kanasuzumira, timaso tili mwaa. Kamwanako kanakulira pa Chulu, ndipo kakafuna kankatsegula n'kuona m'kati.

N'chifukwa chake mpaka lero mukaona ng'ona ili pamchenga kukamwa kuli yasa, musaifunse kanthu. Ikudikira, siinauzidwe kuti izimitse.

Nthano yanga yafika pa chipata chake, ndipo chake chatseguka. Kaphuleni mbatata ija isanapserere, koma wokupatsaniyo ayambe waluma.