Mfuu Yachinayi ya Nkhanga

Nkhanga, Nungu ndi Tambala ankalondera mudzi wa mbalame, koma atatuwa sankamwerana madzi. Nungu ankakhala pachipata ndi lamulo limodzi: wosenza udzu wa zisa alowe, wina aliyense abwerere. Nkhanga ankakhala pamwamba pa mpanda, ntchito yake kuona ndi kukuwa basi. Wolamula kuti chipata chitsekedwe anali Tambala yekha.

Nkhanga ankagwira ntchitoyi ndi mtima wonse, chifukwa mazira ake khumi anali m'katimo, Thadzi akumufungatirira. Vuto lake, mayiyu sankasankha chokuwira. Tsamba likagwa, mfuu. Buluzi akadutsa, mfuu. Tambala ankathamanga n'kukapeza palibe kanthu, mpaka zinamukwana.

"Mayi, mwatiboola makutu," anatero Tambala. "Kuyambira lero muzikuwa katatu pa tsiku. Kachinayi ine sindisuntha."

"Nanga wakuba akabwera kachinayiko?" anafunsa Nkhanga, mtima ukuwira.

"Adzadikire mawa," anayankha Tambala, uku akuseka.

Likongwe, wakuba mazira wotchuka, anamva zonsezi ali m'tchire. M'mawa mwake anagwedeza chitsamba cha kum'mawa n'kubisala. Nkhanga anakuwa, Tambala anabwera, sanapeze kanthu. Anagwedezanso cha kumadzulo, kenako cha kumwera, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo mfuu zitatu zinali zitatha.

Masana Likongwe anamweta udzu, n'kuusenza mpaka unamuphimba nkhope. Nkhanga anaona mchira ukukwekwereka pansi pa mtolowo, ndipo anakuwa mpaka kukhosi kunauma. Tambala, yemwe ankasamba fumbi pamthunzi, anangowerenga pa zala. "Yachinayi imeneyo," anatero, n'kutembenukira kwina.

Nkhanga anatsikira pachipata mwaukali. "A Nungu, tsekani msanga. Ameneyo ndi Likongwe!"

"Wasenza udzu," anayankha Nungu mosatekeseka.

"Mchirawo simukuuona?"

"Za michira sanandiuze, mayi. Inu mumakuwira a Tambala, a Tambala amalamula ine. Ndi momwe tinapanganirana."

"Minga yonseyi n'njokongoletsa thupi eti? Chitsiru iwe, ana anga ali m'katimo!"

Nungu anapatuka mwaulemu, mtolo wa udzu unalowa. Nkhanga anaulondola akuujompha, koma mlomo wake unkangothera mu udzu. Thadzi ataona mano a Likongwe anathawa pachisa, nthenga zili mbwee. Likongwe anamwa mazira khumi onse, n'kutulukira pachipata chomwecho, ndipo Nungu sanamufunse kanthu, poti za otuluka analibenso lamulo.

Tambala anafika mochedwa, fumbi likadali m'mapiko. Anapeza Nkhanga ataima pa zikamba za mazira ake. Manyazi anamugwira, koma pakamwa pake sipanasinthe.

"Mukanakuwa mosiyanitsa, mayi. Ine ndikanadziwa bwanji kuti iyi ndi yoona?"

Mawuwa anamulasa Nkhanga, chifukwa mwa mwano wakewo munalinso choonadi. Anakumbukira masamba ndi abuluzi onse amene anawakuwira, ndipo anadzikwiyira yekha koposa mmene anakwiyira awiriwo. Anatola chikamba chimodzi n'kuchiika pamapazi a Tambala.

"Yachinayi ija ndi imeneyi," anatero. "Iwerengeni bwino."

Phunziro: Woona, wotseka ndi wolamula akapanda kumvana, wakuba amalowera pakhomo masanasana. N'chimodzimodzinso poteteza makompyuta olumikizana: mpanda wake umangotsata malamulo omwe unapatsidwa, chida chozindikira akuba chikamachenjeza zilizonse anthu amatopa nacho, ndipo chenjezo lopanda wolimvera silitseka chipata.