Bilyeti ya Cremilde

Cremilde ankasankha nyemba pakhonde la nyumba yake ku Assumane pamene mng'ono wake Alda anatulukira kuchokera ku Chimbonila. Chinali chaka chija cha korona. Alda, mlimi wa mbatatesi amene thumba ankasenza yekha, tsikuli ankapuma ngati wakwera phiri.

Anapita naye kukayezetsa. Kalaliki wa pawindo sanadzutse n'komwe mutu.

"Bilyeti," anatero, kutanthauza chitupa cha boma.

"Inapsa ndi nyumba chaka chatha, bambo," anatero Alda.

"Popanda dokumento palibe teste. Pitani ku rejisito, ku ofesi ya zitupa, mukabwere ndi pepala la karimbo, lodindidwa ndi boma."

Ku rejisitoko anapeza chitseko chotseka, ati chifukwa cha mliri womwewo. Boma likafuna kukuzunguza silisowa njira.

Cremilde sanali munthu wogonja. Awiriwa anafanana ngati nyemba za khoko limodzi, ndiye m'mawa mwake anamupatsa Alda bilyeti yake.

"Mana, mkulu wanga, ndikuopa ine. Akatigwira?"

"Agwire ndani? Ndi chansalu chili kukamwachi akuzindikira bwanji? Iwe ungoti ndine Cremilde."

Zinathekadi. Azaumoyo anamupisa Alda kathonje m'mphuno, n'kumuuza kuti akadikire kunyumba. Alda anabwerera ku Chimbonila chifukwa ana anali okha, ndipo Cremilde anadzitama masiku onsewo kuti wawapusitsa a boma.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi galimoto ya azaumoyo inaima pakhomo pake. Namwino anawerenga pepala: Cremilde wapezeka nako kachilombo, asatuluke pampanda masabata awiri, ndipo akayamba kubanika aimbe foni adzamutenge.

Apa ndiye panafunika kuulula. Mawu anafika pakhosi, koma mwamuna wake Artur, wogwira ntchito m'boma, anamukokera m'nyumba.

"Amayi, mukayankhula apa ndi mlandu. Inu kundende, ine ntchito yatha. Mlamu ndi wolimba, achira."

Cremilde anameza mawu aja. Namwino ankabwera masiku awiri alionse kudzapima munthu wabwinobwino, n'kumamuyamikira kuti thupi lake ndi lamphamvu. Aneba anasiya kupereka moni. Uku ku Chimbonila wodwala weniweni ankangomwa madzi a mandimu, popanda womuyendera, poti m'mabuku a boma Alda sanadwalepo.

Pafoni mawu ake ankamka nachepa.

"Mana, mpweya ukundithawa. Auzeni abwere kuno."

"Limba mtima, mawa ndiwauza."

Mawa lake linabala mawa lina. Mantha ndi chinthu choipa, amakumanga miyendo uku mtima ukuwawa. Pamene Cremilde analimba mtima n'kumuuza namwino zoona, linali tsiku lakhumi ali m'nyumba, ndipo galimoto inakafika ku Chimbonila anthu atayamba kale kulira.

Kumaliro sanamulole kupita, pakuti masiku ake okhala m'nyumba anali asanathe. Mwana wa mayi ake anaikidwa iye ali kuseri kwa mpanda, akulira yekha ngati mlendo.

Mlandu ankauopa uja sunabwere n'komwe. Chimene chinabwera, patatha masabata atatu, ndi kalata yochokera ku ofesi ina imene sinamve kalikonse. Inali ndi karimbo wake bwinobwino, yonena kuti mayi Cremilde achira.

Anaiwerenga kawiri, n'kukhala pansi padothi. Akuluakulu sananame: khasu lobwereka silichedwa kuthyoka.