Mtsinje Ukaphwa, Woloka

Pamudzi wina panali bambo woumba njerwa. Mkulu wake ankakhala kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho. Dzinja mtsinjewo unkakokolola ndi ng'ombe zomwe, koma chilimwe madzi ankangolekeza m'akakolo, moti ndi mwana yemwe ankawoloka akudya nzimbe.

Awiriwa anayambana pamaliro a mayi awo chifukwa cha malire a munda. Mizere itatu yokha, abale anga, itatu! Zaka zisanu zinatha osapatsana moni.

Chaka china, chilimwe chitangoyamba, kunabwera uthenga woti mkulu wake uja akudwala, miyendo yatupa. Woumba njerwayo mtima unamupweteka ndithu, paja chibale ndi fupa, sichiola. Koma chilimwe ndiye nyengo ya woumba njerwa. "Ndingomaliza kuumba izi, ndipita." Anamaliza. "Ziume kaye." Zinauma. "Ndimange kaye uvuni." Mpaka akazi ake anamufunsa, "Bambo a Ndaziona, kodi mtsinje uja munapangana nawo kuti uzikudikirani?"

Iye anangopitiriza ntchito yake. Ife akuluakulu timatero. Manyazi timawatcha kutanganidwa.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, uvuni utatha, nkhuni zili m'malo, kungotsala kuyatsa moto, kumapiri kunagunda. Atakweza maso anaona mitambo yakuda bii. Munthuyu ankadziwa kuti mvula ikagwa kumapiriko mtsinje umadzaza ngakhale kuno kusanagwe ndi dontho lomwe. Akayatsa uvuni, ndiye kuti masiku atatu sachokapo. Ndipo mtsinje ukadzaza, ndi mpaka mwezi wa Meyi. Kodi wodwala uja akafika Meyi?

Anabweza machesi m'thumba, liwiro la kumtsinje.

Anapeza madzi asanduka kale ofiira, akubwera ndi zinyalala. Analowa choncho. M'mawondo, m'chiuno, mchenga ukuthawa kuphazi, mpaka anagwira bango la kutsidya.

Atayandikira kwa mkulu wake anaona anthu ali khamu pabwalo. "Mayo ine, ndachedwa!" Anayang'ana panjira ngati aikapo masamba osonyeza maliro. Panalibe. Anatchera khutu kuti amve kulira. Anamva kuseka! Anali anthu a pamudzipo, akufolera nyumba ya wodwalayo mvula isanafike.

Ndipo uyo, pamkeka, wowonda koma wamoyo, mkulu wake. Bambo uja anagwada, zovala zikudontha madzi, n'kuyamba kupepesa.

"Achimwene, ine ndinalakwa..."

Mkulu wakeyo anamudula pakamwa. "Iwe, waimitsa ntchito. Ukuona kuti anzako pamwambapo akusowa wowaponyera udzu? Za mizere tidakazikumbukirabe? Chikhalirecho munda uja ukungomera nsongole."

Woumba njerwa uja anaponya udzu tsiku limenelo akulira, akuseka, ngati wamisala. Mpumulo umene anaumva mumtima, ine sindingathe kuufotokoza. Usiku womwewo mtsinje unasefukira, ndipo panapita miyezi munthu osawoloka.

Abale anga, chilimwe sichibwera kuti tiumbe njerwa zokha. Mulungu amaphwetsa mitsinje kuti tiwolokerane. Pali wina pano amene ali ndi m'bale kutsidya, ndipo mukumudziwa, dzina lake lakufikani kale mumtima. Lero njira ndi youma, miyendo muli nayo, iyenso akupuma. Uvuni udzayaka mawa. Mnzathu uja anapeza kuseka pabwalo, koma si onse amene amapeza kuseka. Mukatuluka m'tchalitchi muno, musadzere kunyumba.