Nyumba ya Malawi ya a Laston

Kuseri kwa msika wa Mwanza, moyandikana ndi anyamata owotcherera zitsulo, kunali shedi ya a Laston, mmisiri wa matabwa ndi penti. Ngati munaonapo mawu anzeru olembedwa kumbuyo kwa thiraki yopita ku Tete, kapena tambala wonenepa ngati mbuzi wojambulidwa pakhoma la malo odyera, dziwani kuti dzanja linali lawo. Sukulu anailekezera Sitandade 6, koma eni ake ankati anakaimalizira ku Durban. Anapitako kamodzi pathiraki ya mnzawo, n'kulowa m'chionetsero chachikulu cha zamalonda cha mayiko ambiri. Anakhalamo maola atatu okha. Anachisimba zaka khumi ndi ziwiri.

M'chaka cha 2011, amalonda a m'malire anagwirizana zochititsa chionetsero chawochawo pabwalo la pa boma. Mayiko anali atatu, Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo dziko lililonse linayenera kumanga nyumba yake yoonetseramo katundu. Nyumba yokongola koposa inali yoti ilandira chikho. Komiti ya mbali ya Malawi sinavutike n'komwe kusaka womanga, poti munthu woti anaona Durban analipo mmodzi yekha.

Katundu wamkulu wa m'nyumba ya Malawi anali manachesi a kalabu ya alimi a kwa Nthache. Wapampando wa kalabuyo anali mayi Esime, achemwali awo a akazi a Laston, mayi wolankhula pang'ono koma mosazungulira. Iwo za chikho analibe nazo ntchito. Chaka ndi chaka alimi ankagulitsa zipatso zawo kwa mavenda pamtengo wongoti bola zisawolere mumtengo. Tsopano kunamveka kuti mayi wina wa ku Tete, Dona Natércia, amene ankagulira zipatso mahotela ndi malo odyera a anthu a m'migodi ya malasha, abwera kudzalawa. Akakhutira, azitumiza lole sabata iliyonse mpaka nyengo itatha.

Mayi Esime anafika kushedi kuja atakwera kabaza.

"Alamu, ife tikungofuna zitatu," anatero. "Mthunzi, mphepo yodutsa, ndi tebulo lalitali. Nachesi safuna zambiri."

A Laston anachotsa pensulo kukhutu n'kuseka. "Alamu, chimene mwafotokozacho ndi khola la nkhuku. Iyi ndi nyumba ya dziko! Ku Durban ndinaona nyumba ya Amwenye, chipata chokha munthu umavula chipewa osauzidwa. Mlendo amayamba wadya ndi maso."

"Akatha kudya ndi maso adzafuna kudya ndi pakamwa."

"Zimenezo musiyire ife a intanashonolo. Inu kathyoleni zipatso."

Anayamba ntchito, ndipo tisawanamizire, luso analinalo. Anaimika makoma a matabwa mbali zonse zinayi, denga la malata, ndi chipata chachitali chokhala ndi mikango iwiri yosema. Pakhoma lakumanja anajambula phiri la Mulanje, lakumanzere njovu zikumwa madzi, kutsogolo dzuwa lotuluka lalikulu ngati gudumu la thirakitala. Malo amene anasiyira mawindo anawaona kuti akudula chitamba cha njovu, choncho anawatseka n'kupitiriza chitambacho. Mtengo wa nachesi sunapeze malo pakhoma lililonse.

Pafupi pomwepo ankamanga nyumba ya Mozambique anali a Crispim, amene anakulira ku Mwanza konkuno nthawi ya nkhondo ya kwawo, ndipo anakhalapo pabenchi imodzi ndi a Laston kusukulu. Yawo inali ya nsungwi ndi udzu, yopanda makoma. Chokongoletsa chinali chimodzi: nsalu yowala yoyalidwa patebulo, pamwamba pake mbatatesi za ku Angonia zotsukidwa bwino.

"Amigo," a Laston anafuula ali pamakwerero, "mumaliza liti? Kapena ndalama za makoma mwamwera?"

"Tamaliza kale," anayankha a Crispim. "Zokongoletsa zili ngati mchere, Laston. Ukathira pang'ono, anthu amayamikira ndiwo. Ukachulutsa, amangokamba za mchere."

"Amatero ndi amene alibe mchere," anatero a Laston, n'kuviika bulashi m'chitini.

Kukongoletsa kuli ndi vuto limodzi: sikuuza munthu kuti basi. A Laston akati amalize, ankaona kuti mkango wina wachepa ndevu. Penti wamafuta amafuna masiku kuti aume ndi kutha fungo, koma iwo anapaka womaliza, ndi vanishi pamwamba, dzuwa likupendeka tsiku loti mawa chionetsero chiyamba. Nthawi yomweyo ngolo ziwiri za manachesi zinafika kuchokera kwa Nthache. Mayi Esime anangoima pakhomo n'kugwira mphuno.

"Alamu, muno simungagone chipatso. Nachesi amakoka fungo ngati mkaka. Tiika panja pansi pa mtengo."

"Panja? Kuti a ku Zimbabwe aone chinsinsi chathu? Fungoli ndi la chitukuko, alamu, pofika mawa likhala litatha."

Anakangana mpaka a komiti analowererapo, ndipo monga mudziwa, pakati pa munthu wa ku Durban ndi mayi wa kwa Nthache, komiti inamvera Durban. Madengu analowa, chitseko chinatsekedwa. Mayi Esime atapita kukagona kwa achemwali awo, a Laston anatsala akuyang'ana denga lamkati, n'kuona kuti lili mbee ngati mutu wadazi. Anasankha manachesi akuluakulu, aja alimi anawathyola ndi lumo n'kuwasiyira tsamba limodzi limodzi kuti mlendo adzalawe, n'kuwaboola ndi waya. Anapanga mikanda isanu ndi umodzi yolendewera kuchokera kudenga. Kunena zoona, inakongola.

M'mawa anthu anakhamukira ku nyumba ya Malawi ngati kwagwa ndege. Ojambula zithunzi anapanga malonda osaneneka, aliyense akufuna kujambulitsa atagwira mkango. A Laston anavala suti ndi magalasi akuda, akufotokozera anthu za njovu. Oweruza anafika, anazungulira kunja, anagwedeza mitu mokhutira, n'kulemba m'mabuku awo. M'kati anangosuzumira, chifukwa dzuwa linali litayamba kuwotcha malata ndipo mpweya wa m'menemo unkalasa m'maso.

Amene anali m'katimo ndi mayi Esime ndi amayi anzawo awiri, akudzikupiza ndi makatoni, misozi ili chuchuchu. Mikanda ija inali itayamba kudontha madzi, ndipo njuchi za pa boma zinali zitauzana.

Dona Natércia anafika cha m'ma 11 koloko, mayi wamfupi wa nsapato zafulati, wosacheukira mikango. Chichewa ankachidziwa bwino, cha ku Zobue.

"Bom dia, amayi. Zipatso zija ndi zimenezi?"

"Ndi zimenezi, mayi. Takulandirani."

Mayi Esime anafufuza dengu la zipatso zosankhidwa lija, n'kulipeza lili ndi masamba okhaokha. Anakweza maso kudenga, n'kuziona zili pawaya. Anatola nachesi wina m'dengu wamba n'kupereka ndi manja awiri. Mlendoyo anasenda, ananunkhiza khungu, anaika kachidutswa m'kamwa, n'kutafuna pang'onopang'ono ngati munthu amene wapeza mwala mu mpunga. Anatenga wa m'dengu lina. Chimodzimodzi.

"Amayi, mitengo yanu mumathirira palafini?"

"Ndi penti, mayi. Zagona muno. Kumunda sizili chonchi, tiyeni mukaone, ndi pafupi."

A Laston analowa msangamsanga. "Senhora, mwaiona njovu? Ndajambula ndekha, popanda choonera!"

"Ndaiona, bambo. Koma anthu anga sadya njovu." Anapukuta zala ndi kansalu, akupewa njuchi imene inkazungulira khutu lake. "Pepani amayi, lole yanga ikudikira pachipata cha malire, sindingapite kumunda. Ine ndimagula chimene ndalawa. Obrigada."

Anatuluka. Anaima kwa a Crispim, nakambirana za mbatatesi ali pamthunzi wa udzu, mphepo ikuwomba. Kenaka, akupita kugalimoto yake, anadutsa pa venda wina dzina lake Kinsley, amene analephera kulowa m'bwalo ndipo anangoyala manachesi pathumba kunja kwa mpanda. Dona Natércia anagula mmodzi woti achotsere penti m'kamwa. Anadya, anaima, anagula wachiwiri. Pomwepo anatulutsa foni n'kulemba nambala ya Kinsley.

Manachesi amenewo Kinsley anali atawagula dzana lake kwa Nthache, m'munda mwa mayi Esime.

Tsiku lotseka chionetsero, nyumba ya Malawi inapambana. A Laston ananyamula chikho m'mwamba, anthu akuimba m'manja, ndipo a Crispim anawagwira chanza n'kunena kuti, "Mchere wapambana, amigo." Madzulo ake a Laston anapita nacho kunyumba, kumene anapeza mayi Esime akumanga katundu wawo.

"Alamu, mwachiona? Dziko lonse latamandika!"

Mayi Esime anachilandira, anachitembenuza, anasuzumira m'kati mwake. "N'chokongola, alamu. M'katimu mulibe kanthu, eti? Chafanana ndi nyumba yake." Anachibweza. "Loweruka kubwera lole ya ku Tete kwathu. Wabweretsa ndi Kinsley. Tizimugulitsa pamtengo womwe uja wa chaka chatha, iye azikagulitsa kwa mayi uja pamtengo umene ukanakhala wathu. Mukapeza nthawi mudzatithandize kukweza matumba. Mudzavale suti."

Nyengo yonseyo lole inkabwera Loweruka lililonse, ndipo pofika Ogasiti Kinsley anali atagula njinga yamoto. Anapita nayo kwa a Laston kuti akamulembere mawu kumbuyo, ndipo a Laston, poti ntchito ndi ntchito, analemba. Mikango iwiri ija ili pakhomo la shedi yawo mpaka lero, ndipo chikho amasungiramo misomali. Za Durban anachepetsako. Alimi a kwa Nthache akamadutsa pamenepo ndi madengu awo amapereka moni mwaulemu, kenaka amakodolana n'kuloza mikangoyo ndi milomo, poti akuluakulu anaziona kale zoterezi: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.