Kiyi Wogona M'nyumba Momwemo

Abale anga, kudera lina la kumapiri kunali mphunzitsi wina, mayi wofatsa, amene ankasunga malikisi a ana a sukulu m'kompyuta yake. M'kalasi mwakemo munalinso mwana wake wamkazi, mmodzi yekhayo, yemwe masamu ankamuzunguza mutu.

Mayeso atayandikira, mayiyo anapita kwa katswiri amene anapanga pulogalamu yosungira malikisiyo.

"Bambo, munditsekere malikisiwa, kuti ndikalemba kamodzi, ngakhale ineyo ndisathe kusintha. Mtima wangawu ndimaudziwa."

Katswiri uja anapukusa mutu. "Mayi, loko ndiika, koma kiyi wake ayenera kugona m'kompyuta momwemo kuti pulogalamu izitha kutsegula. Kompyutayo ndi yanu. Mukadzafunitsitsa, mudzam'peza. Njira ndi imodzi: mukalemba, malikisi azipita kukasungidwa kumakina ena akutali, m'manja mwa wina."

Mawuwo anamuwawa mayiyo. Ndani amakonda kuuzidwa kuti pakhomo pake pomwe sangadalirike? Anati akaganiza kaye.

Masana amenewo dzuwa linaswa mtengo, nyenje zikulira osapuma, ndipo mayiyo anawodzera pa desiki. Analota ali m'nyumba mwake, kiyi ali m'manja. Anamubisa mumphika, mphikawo anauika m'dengu, dengu analikweza kudenga. Atatembenuka, anapeza kiyi ali m'manja mwake. Anamuponya m'chitsime, koma potunga madzi anatuluka naye mu ndowa. Anamukwirira kumunda, ndipo panamera mtengo wautali wobala makiyi okhaokha, akulira ndi mphepo, nthambi zake zikuweramira kwa iye.

Atadzuka, anabwerera kwa katswiri uja. "Chitani monga munanenera, bambo."

Mayeso analembedwa. Mwana wake anaperewera malikisi awiri okha kuti akhoze. Awiri, abale! Mayiyo analemba zoona, kenako anayang'anitsitsa nambalayo. Chikondi chinayamba kumunong'oneza, ndipo inu makolo mukudziwa kuti chikondi chili ndi pakamwa pokoma. Anafufuza m'kompyutamo, ndipo kiyi uja anamupezadi. Anatsegula, nasintha nambala. Koma pulogalamu inafunsa kumakina akutali kuja, ndipo nambala yoona inabwerera pamalo pake. Anasinthanso, inabwereranso.

Analira, pakuti anali mayi. Atapukuta misozi anagwada, nathokoza kuti tsiku limene anali ndi mphamvu anapereka kiyi weniweni kwa wina. Mwanayo anabwereza kalasi, ndipo mayi ake ankatha kumuyang'ana m'maso mopanda manyazi.

Tanthauzo lake nali. Timamanga mipanda kuopa akuba akunja, koma amene amadziwa pogona kiyi aliyense wa mtima wako ndiwe wemwe. Lonjezo limene walitsekera wekha, udzalitsegulanso wekha tsiku la mayesero. Pereka mtima wako kwa Mulungu lero, ukadali wolimba, kuti mawa ukadzafooka, dzanja lako lisadzafikepo.