Njinga Yomwe Inakwera Mwini Wake

Aliyense wolowa m'nyumba ya a Amosi, ku komboni ya pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ankayenera kuwerama kawiri. Koyamba ankaweramira khomo chifukwa linali lalifupi. Kachiwiri ankaweramira felemu ya njinga yomwe inkalendewera kudenga pa chingwe cha khonje. Mlendo wosadziwa ankalonjeredwa ndi chitsulo pachipumi eni nyumba asanamulonjere.

A Amosi anali kapitawo wa anthu othyola tiyi, munthu wa mawu ngati bingu koma mtima wa nkhunda. Makolo awo anachokera kuseri kwa phiri la Mulanje, m'dziko la Apwitikizi, atanyamula khasu ndi mphika basi. Choncho pamene a Amosi, adakali mnyamata, anapita ku Halale n'kubwerako ndi njinga yakuda ya belu, anthu anasiya ntchito m'minda kudzaona. Njingayo inagwira ntchito yake mosanyinyirika. Inanyamula akazi awo, a Teleza, tsiku la ukwati, inanyamula matumba a nandolo, inathamangira odwala ndi mauthenga a maliro. Koma zaka sizichitira chisoni chitsulo. Matayala anatha, malimu anapindika pa mtsetse wa kufakitale, tcheni anagulitsa chaka cha dzombe, ndipo chishalo anadya makoswe. Chinatsala ndi felemu ndi foloko yake, ngati mafupa a ng'ombe yomwe anthu anadya kalekale. Komabe Lamulungu lililonse a Amosi ankaitsitsa, kuipukuta ndi kansanza ka mafuta, n'kuibwezera pamalo pake.

Chaka chimenecho mwana wawo woyamba, Rhoda, anaitanidwa kukaphunzira unamwino ku chipatala cha mishoni. Pankafunika bulangete, madilesi awiri oyera, bokosi loikamo zovala ndi kandalama kolowera, ndipo zonsezi zinkayenera kupezeka sabata isanathe. M'nyumbamo munali chimwemwe chochuluka koma ndalama munalibe.

Lamulungu m'mawa kunabwera a Sitefano, mchimwene wawo wa a Teleza. Iwo anali a Sabata ndipo ankagwira ntchito yotsuka zilonda ku chipatala chomwecho. Ntchitoyo inkawayendetsa wapansi mpaka m'midzi ya kwa Nsabwe, kukwera ndi kutsika mapiri, bokosi la mankhwala lili paphewa. Kwa nthawi yaitali ankasunga kandalama kuti adzimangire njinga pang'onopang'ono, kuyambira ndi felemu.

"Alamu, tatsitsani nyama ija tiione," anatero a Sitefano atakhala pakhonde.

A Amosi anaitsitsa monyadira. A Sitefano anaigogoda ndi msomali n'kutchera khutu. Anaigwedeza kuti amve ngati dzimbiri likuwayawaza m'kati. Anayang'anitsitsa molumikizira monse, kenako anakulunga ulusi kuchokera kukhosi kwa felemu mpaka kumchira, mbali zonse ziwiri, n'kutsinzina diso limodzi.

"Ndi yowongoka ndithu, ndipo chitsulo chake n'chabwino. Penti watha, ndipo apa polowa zopalasira dzimbiri layamba kuluma. Ndikupatsani masheleni khumi ndi asanu. Ndi zonse zomwe ndili nazo, ndipo zikwanira katundu wa Rhoda."

A Amosi anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, mwabwera kudzagula nkhuku kapena njinga? Iyi ndi ya mapaundi awiri. Kuchepera apo ibwerere kudenga."

"Mapaundi awiri? Tamverani. Ndikagula felemu ndiyenera kugulanso mawilo, tcheni, chishalo, mahandulo, mabuleki. Ndikawonkhetsa zonsezo pamwamba pa mapaundi anu awiriwo, ndiye kuti ndapitirira mtengo wa njinga yatsopano ya m'sitolo. Felemu yakale imagulidwa poganizira zomwe zikusowa, osati zomwe inali nazo kale."

"Njinga iyi inachokera ku Halale. Inanyamula mlongo wanu yemweyu tsiku la ukwati, mwaiwala?"

"Sindinaiwale, ndinali kumbuyo ndikuthamanga ndi fumbi lanu. Koma ine ndikugula chitsulo, alamu, sindikugula ukwati wanu."

A Teleza, omwe ankasenda chinangwa chapafupi, anaseka chamumtima, kenako anati, "Bambo a Rhoda, landirani. Mwana akudikira."

Koma m'khutu mwa a Amosi munali kale mawu a munthu wina. A Dixon, dalaivala wa lole ya pa esiteti, anali atawauza tsiku lina pa sikelo yoyezera tiyi kuti ku Limbe zitsulo za njinga zakale anthu akuchita kulimbirana, ndipo felemu yochokera ku Halale ingathe kugula mbuzi zingapo. A Dixon anali munthu woti akaona mbewa amakasimba kuti waona nguluwe, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. A Amosi nawonso ankadziwa. Kungoti bodza likamakoma m'khutu, munthu amaiwala pakamwa pomwe lachokera.

"Ndipita nayo ku Limbe," anatero. "Ndikabwerako Rhoda adzapita ku mishoni ndi nsapato zomwe."

A Sitefano anabweza ndalama zawo m'kathumba, anatsanzika mwaulemu, n'kumapita.

Kutacha a Amosi anasiya gulu lawo m'manja mwa kapitawo mnzawo, podziwa kuti masiku ojombawo adzadulidwa pa tikiti yawo ya malipiro. Analowetsa mutu pakati pa felemu, chitsulo chinakhala pamapewa ngati goli, ndipo anauyamba ulendo wapansi. Kunali chiperoni, nkhungu itaphimba minda ya tiyi, kamvula kakuwaza. Amayi othyola tiyi anaimika manja, madengu ali kumsana.

"Taonani a kapitawo! Kale ankakwera njinga, lero njinga yakwera iwo!"

A Amosi anakweza dzanja ngati mfumu yodutsa pa anthu ake. Koma nthabwala ija inawatsogolera njira yonse. Pa Bvumbwe, pomwe anagona kwa msuweni wawo, anaipeza itafika kale. Chitsulo chomwe m'mawa chinkapepuka ngati bango, pofika madzulo chinkalemera ngati mtanda wa denga, ndipo chinali chitayamba kusupula khungu la pakhosi.

Ku Limbe anafunsira wokonza njinga, ndipo anawalozera kwa a Elson, bambo wa imvi yemwe ankagwira ntchito pakhonde la sitolo ya Mmwenye. A Elson anaiyesa felemu ija monga momwe anachitira a Sitefano, msomali, ulusi ndi diso limodzi.

"Mwaisamala, bambo. Masheleni asanu ndi atatu."

"Mwati bwanji? Iyi ndi ya ku Halale!"

A Elson sanatsutse. Anangowatenga pamkono n'kupita nawo kuseri kwa sitolo. Kumeneko kunali mulu wa mafelemu wofika m'chiuno, akuda, obiriwira, ena abwino kuposa wa a Amosi.

"Iyi ndi ya ku Halale, iyo ya ku Joni, iyo inali ya mphunzitsi. Ntchito zachepa m'tauni muno, ndipo aliyense yemwe wachotsedwa amayamba kugulitsa njinga. Ogulitsa ndi ambiri, ogula mulibe. Kwanuko kumapiri, komwe felemu yowongoka ndi yosowa, mwina ingakwereko pang'ono."

"Kwathu wina amandipatsa khumi ndi asanu, ine ndinakana," anatero a Amosi, mawu atatsika.

A Elson anawayang'ana kuyambira kumapazi otupa mpaka kukhosi kosupuka. "Munthu ameneyo ndi m'bale wanu?"

"Ndi mlamu wanga."

"Ndiye bwererani mukamugwire mwendo asanasinthe maganizo."

A Amosi sanafune kugonja msanga. Anayesa kwa okonza njinga ena awiri. Woyamba anatchula mtengo wotsikirapo, wachiwiri sanadzuke n'komwe pomwe anakhala. Dzuwa likupendeka anapezeka atakhala m'mphepete mwa msewu, felemu ili pamiyendo, akuwerengera mtunda wobwerera. Apo ndi pomwe anaona lole ya pa esiteti itaima, anthu akukwezamo migolo ya mafuta a kufakitale, a Dixon ali chilili pambali akudya nzimbe.

"A Dixon! Anthu olimbirana zitsulo aja ali kuti?"

A Dixon anatafuna kaye, n'kulavula zitsotso. "Aa, a kapitawo, mwabweradi? Inetu ndinangomva ena akukamba. Kwerani, musavutike ndi wapansi."

Miyendo inavomera mutu usanaganize. A Amosi anakhala kutsogolo, ndipo felemu anaigoneka kumbuyo pakati pa migolo. Mtima unayamba kukhala pansi. Ankadziuza kuti palibe chomwe chatayika kupatula masiku a pa tikiti ndi khungu la pakhosi. Akafika akapita kwa mlamu wawo, akaseka naye pang'ono, n'kulandira masheleni aja. Koma potsika kumtsinje wina, msewu uli woterera ndi mvula, a Dixon anaponda buleki mwadzidzidzi. Kumbuyo kunamveka gudubu, kenako kaphokoso kena ka chitsulo chopindika. Mgolo umodzi unali utaduka chingwe n'kugudubuzikira pa felemu. Ataitulutsa, mchira wake unali utakhotera kumanzere ngati wa galu wopempha chifundo.

A Amosi anafika kunyumba m'mawa wa tsiku lotsatira, atazengereza kufakitale, akuyenda ngati munthu wobwera kumanda. Pakhonde anapeza bokosi latsopano la matabwa, pamwamba pake pali bulangete lopindidwa bwino. A Teleza anayang'ana amuna awo, anayang'ana chitsulo chokhota chija, ndipo sanafunse mtengo wa ku Limbe.

"Achimwene anabweranso dzana," anatero. "Anatenga Rhoda kupita naye kusitolo kuboma. Ndalama zonse zija zathera apa. Anati mwana wa mlongo wawo sangadikire chitsulo."

A Amosi anakhala pansi pomwepo.  Akanalandira ndalama zija Lamulungu, mwana akanapita ndi katundu wogula bambo ake, ndipo mlamu akanakhala ndi felemu. Tsopano mlamu analibe ndalama, analibenso njinga, ndipo iwo anali ndi goli lopindika.

Rhoda anatuluka ndi mbale ya madzi ofunda a mchere. Anagwada kumbuyo kwa bambo ake n'kuyamba kutsuka mabala a pakhosi mofatsa.

"Musagwedezeke, ababa. Wodwala wanga woyamba ndinu."

A Amosi anafuna kuseka, koma chomwe chinatuluka ndi misozi, ndipo ananamizira mchere.

Tsiku lopita Rhoda, a Amosi anakana kuti wina aliyense anyamule bokosi. Analisenza okha mpaka ku mishoni, ponena kuti khosi linali litazolowera kale. Atamusiya mwanayo m'manja mwa anamwino, anabwerera, ndipo Lamulungu lotsatira anafika kwa a Sitefano ndi felemu paphewa.

"Alamu, ndabwera nayo. Ku Limbe ndinakana kugulitsa, anthu ake sadziwa chitsulo."

A Sitefano anaizunguliranso ndi ulusi wawo, ngakhale kuti kukhotako kunkaoneka ndi wakhungu yemwe. Ankayesetsa kubisa chiseko.

"Mwachita bwino kukana. Nanga lero mukuti mapaundi angati?"

A Amosi anagwetsa nkhope. "Musandiphe kawiri, alamu. Tengani. Ndinakulakwirani, ndinalakwiranso mwana."

"Mwanayo ndi wanga ngati momwe alili wanu. Khalani pansi, akazi anga aphika nyemba za kalongonda."

Awiriwo anapita nayo kwa wosula makasu, yemwe anaiotcha pamakala, anaikoka ndi mtengo, anaimenya ndi nyundo. Inawongoka ndithu, koma osati kwenikweni, pakuti chitsulo chikapindika chimasunga mangawa. Dzinja lonse a Sitefano anayendabe wapansi kupita kwa Nsabwe, m'matope ndi m'mvula. A Amosi sankagona nazo bwino zimenezo. Mwezi uliwonse akalandira malipiro ankafika kwa mlamu wawo ndi kanthu m'manja, mwezi uno tcheni, mwezi winawo chishalo, kenako limu limodzi. Ankangosiya pakhonde n'kunena kuti anatola panjira. Pomwe njinga inkaimirira pa mawilo ake, a Amosi anali atawononga zoposa zomwe anakana zija, ndipo a Teleza sankalephera kuwakumbutsa akafuna kuwaseka.

Njingayo inayenda zaka zambiri, koma inkayenda chammbali ngati nkhanu. Wilo la kumbuyo silinkaponda momwe laponda la kutsogolo, moti pafumbi inkasiya mizere iwiri. Anthu a kwa Nsabwe akaona mizere iwiriyo panjira ankadziwa kuti wotsuka zilonda wafika, ndipo ankayamba kutulutsa odwala awo.

A Amosi anakalamba akuisimba okha nkhaniyi, akuloza zipsera za pakhosi. Mnyamata aliyense wa pa esiteti yemwe ankakana mtengo wabwino wa nkhuku kapena wa njinga, poti wamva kuti kutauni zimadula, ankamuitana n'kumukhazika pansi. Chomwe munthu wakupatsa m'manja pakhomo pako, mwachilungamo ndi mwachikondi, chimaposa chomwe wangomva kuti chili kutsidya kwa phiri. Akuluakulu anaona patali pomwe ananena kuti fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.