Udzudzu wa a Narciso

Alzira ankasankha nyemba zoti akaphike pa ukwati wa mwana wake Isaura, pamene mlamu wake Damião anatsika panjinga thukuta lili kamukamu.

"Alamu, achimwene sabwera. Awalumitsa udzudzu ku Ulongwe. Akhala komweko masabata atatu."

Ukwatiwo unali Loweruka la sabata yamawa.

Sikuti panali chobisika. Ofufuza katemera wa malungo anabwera ku Lifidzi katatu konse, Misa ikatha, kudzafotokoza: wodzipereka amamulumitsa dala udzudzu wa malungo, amamugoneka kwa iwo, amamuyeza tsiku lililonse, kenako amamuchiza. Anati funsani. Amayi anafunsa mpaka kukhosi kuuma. Akafooka amusamala ndani? Kudimba kupita ndani? Alzira yekha anafunsa kanayi.

A Narciso, amuna ake, ophunzira a ku mishoni, anali pampando wakutsogolo n'kumangovomera m'Chipwitikizi kuti "sim, dotolo." Akacheuka: "Amayi inu, mukutichititsa manyazi. Kufunsa n'kwa osaphunzira." Pepala la Chinyanja lofotokoza zonsezi analikana. Anatenga la Chipwitikizi, n'kulipinda mwaulemu m'buku la nyimbo, mmene likupumulabe mpaka lero.

Alzira anakwera shapa, minibasi ya ku Ulongwe. Anawapeza a Narciso atakhala pabedi, akukanda mkono.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi a dziko lonse?"

"Amake Isaura, ine ndimayesa munthu ngati ine sangandimane tsiku limodzi."

"Munafunsa?"

A Narciso anangopitiriza kukanda mkono.

Namwino anayankha ndiye. "Tinawafunsa katatu tisanabweretse udzudzu, mayi, ngati pali chowatsekereza masabata amenewa. Anati palibe. Ife sitimanga munthu. Koma masiku a ukwatiwo ndi amene malungo amadzuka, ndipo tiyenera kukhala nawo pafupi."

A Narciso anakweza chala ngati mwana wa katekisimu. "Nanga udzudzuwo... sizingatheke kuti..."

"Ee, pakamwa patseguka!" anatero Alzira. "Funsani ndithu, bambo. Mwina udzudzu ubwera kudzatenga zake."

Anawasiyira bulangeti ndi nthochi, chifukwa chitsiru chikakhala chako umachifundikabe. Anatulukira pa telala kukafunsa ngati kazako, ndiye jekete, ya a Narciso ingafupikitsidwe manja, poti woperekeza Isaura kuguwa tsopano ndi Damião.

Kunyumba anapeza nkhuku zitamuthandiza kusankha. Anazipirikitsa, nakhala pansi, nakoka lichero. Akulu sananame: safunsa anadya phula. Nyemba zinali zitatsala thumba lathunthu.